Fosholo ya a Reino

Adokotala atamaliza kuwasoka pachifuwa amuna anga, a Reino, anandiitanira pambali n'kundiuza chinthu chimodzi chokha: munthuyu asadzagwirenso fosholo. Anati mankhwala akhoza kuiwala tsiku lina, nyama ya mafuta akhoza kuba mumphika, zimenezo n'zokambirana, koma akangonyamula sinowo, chipale chogwa kumwamba chija, m'mawa kukuzizira, mtima umenewu udzaima. Ine ndinavomera ndi mutu ngati nkhani yapafupi. Adokotalawo anali mwana wadzulodzuloli wochokera kumadera otentha, ndipo sankadziwa kuti a Reino ndi munthu wotani.

Kwathu kuno, m'mbali mwa nyanja ya Superior, chaka sichitha osamva kuti bambo wakutiwakuti amupeza atagwa chafufumimba pakhomo pake, fosholo ili m'manja. Timapita kumaliro, timadya masangweji kuholo ya tchalitchi, azibambo n'kumapukusa mitu kuti malemuwo ankapupuluma, ankatapa wambiri nthawi imodzi. Mawa lake onsewo ali panja ndi mafosholo awo. Ine ndinali nditalumbira kuti sindikhala wamasiye chifukwa cha kanjira ka galimoto. Ndapirira mkonono wa munthu ameneyu kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi mbuu, ndiye adzanditengere sinowo? Ayi ndithu.

Vuto ndi lakuti kwa a Reino kuchotsa sinowo si ntchito, ndi chipembedzo. Chili ndi malamulo ake, ndipo ndawamva mpaka makutu kuwawa. Sinowo woyamba wa mu Novembala umaponya kutali, kuti wa mu Malichi adzapeze pokhala. Mphepo imachokera kunyanja, kumadzulo, ndiye iwe uziponya kum'mawa. Ukaponya kumadzulo, pofika masana yakubwezera yense. M'mbali mwa kanjira muzikhala mowongoka ngati buledi wodula ndi mpeni wakuthwa. Fosholo siigonekedwa pansi. Koma tchimo losakhululukidwa ndi kupondetsa galimoto pa sinowo usanamuchotse, chifukwa modutsa matayala mumauma gwa, n'kusanduka mizere iwiri ya madzi oundana yosachoka mpaka chisanu chitatha. Ndinachitapo kamodzi titangokwatirana kumene, anandinyanyalira chakudya chamadzulo.

Mumsewu mwathu mulinso mwambo wake. Mwamuna wamoyo sachotseredwa sinowo ndi mwamuna mnzake. Ochitiridwa ndi azimayi amasiye, ndipo sachita kupempha: amangodzuka n'kupeza kanjira ka galimoto ndi ka oyenda pansi takonzedwa kale, simenti ikuoneka. Kuthokoza kwake si kwa pakamwa, ndipo kupereka ndalama ndiye kutukwana kumene. Mayiyo amaphika nisu, buledi wathu wolukidwa wotsekemera uja, n'kukamusiya kunyumba kwa amene wamuthandizayo. Basi, nkhani yatha.

Sinowo woyamba atagwa chaka chimenecho, kusanache bwino tinamva makina akulira pakhomo. Anali a Duane Tervo, aneba athu a tsidya la msewu, ndi chimakina chawo choulutsa sinowo, chimene a Reino akhala akuchinena kuti n'cha alesi chigulireni. Ndinali nditapangana nawo kuseri. Amuna anga anaima pawindo ndi zovala zogonera, mphuno itagunda galasi, akuwerenga machimo. Taonani akuponya kumadzulo. Taonani m'mbalimo, ngati mwayenda chidakwa. Taonani akuunjika pafupi, kodi akuganiza kuti chisanu chitha mawa? A Duane anatibayibitsa mosangalala, a Reino nawo anakweza dzanja, uku akutukwana chapansipansi.

Masana ndinaphika nisu. Atamva fungo anabwera kukhitchini akumwetulira, kuyesa ngwawo. Ataona ndikumukulunga m'kansalu n'kuvala jekete, nkhope inagwa.

"Mayi a Jolene, mwayamba kuphika buledi wa amasiye ine ndili moyo?"

"Ndikuphika kuti mukhalebe moyo," ndinawayankha, n'kutuluka.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munali nkhondo. Fosholo yawo ndi yakalekale, yachitsulo, chogwirira chake chinachita kusalala ndi manja awo. Ndinaibisa kunsi kwa benchi la mu sauna, kachipinda kathu kosambiramo nthunzi, anaipeza tsiku lomwelo. Ndinaibisa kuseri kwa firiji ya m'chipinda chapansi, anaipezanso. Munthu woti sokosi zake zomwe satha kuzipeza m'dirowa. Potsiriza ndinaikweza m'galimoto n'kukaisiya kutchalitchi, kuseri kwa makatoni a zovala za sewero la Khirisimasi, poti ndinadziwa kuti kumeneko safikako pokhapokha kukhale maliro. Mukuganiza kuti anagonja? Anatenga tsache. Nditalanda tsache, ndinawapeza m'mawa wina pamasitepe akukokolola ndi thireyi yanga yophikira makeke. Akuti amangofuna aone kuti wagwa wochuluka bwanji. Ndinawauza kuti akafuna kudziwa zimenezo azimvera wailesi ngati anthu ena onse, ndiponso kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Anandiyankha kuti mwachita bwino kundikumbutsa, nkhwangwa adokotala sanaitchule, ndikawaze nkhuni za mu sauna. Ndinabisanso nkhwangwa.

A Duane nawo pakamwa pawo sipatsekeka. Ndi munthu wabwino mtima, koma nthabwala zawo sadziwa pozithera. Atakumana kupositi, anawafunsa a Reino pagulu ngati buledi uja anakanda okha, akuti anakoma kuposa wa amasiye onse a mumsewu muno. Anthu anaseka, a Reino nawo anaseka nawo, koma atafika kunyumba anakhala m'galaja ola lathunthu akungosuntha zitini za penti. Ndinapita kukawadzudzula a Duane. Anapepesa, n'kundiuza kuti akanapanda kumuseka Reino, bwenzi Reinoyo akuganiza kuti akufa. Azibambo a kuno, abale, sindidzawamvetsa.

Chaka chatsopano chitalowa, zinthu zinasintha mwadzidzidzi. A Reino anafatsa. Anandiuza kuti aganiza zomvera adokotala, aziyenda m'mawa uliwonse m'holo ya kusukulu, mmene okalamba anzawo amazungulira mofunda ana asanafike. Ankanyamuka kudakali kamdima, n'kubwera masaya ali psuu, akudya ngati mnyamata. Usiku ankagona tulo tofa nato. Za m'mbali mokhota mwa a Duane ankangong'ung'udza pang'ono, mwa mwambo chabe. Ine kukondwa, mpaka ndinamuimbira foni mwana wathu Jolene ku Duluth kumuuza kuti bambo ake atembenuka mtima. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka lina masana kunagogoda munthu. Nditatsegula ndinapeza mayi Saari, amasiye a mumsewu wa kuseri kwathu, agogo oyendera ndodo, atafungatira kanthu kokulunga m'nsalu. Fungo lokha linandiuza zonse. Anapepesa kuti achedwa, nyamakazi inawagwira manja moti sankatha kukanda, koma sakanangokhala chete pamene a Reino akuwachitira zotere tsiku ndi tsiku. Anati chimwalirireni amuna awo a Arvo, pakhomo pawo sipanakongolepo chonchi, m'mbali mowongoka ngati munthu wachita kuyeza ndi chingwe. Ndinawafunsa mwaulemu kuti nanga fosholo akumaitenga kuti. Anati ya malemu, imakhala m'galaja, anawapatsa kiyi.

Ndinalandira bulediyo ndi manja awiri. Ndinawathokoza, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu kuti angaterereke. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kukamuika patebulo pamaso pa a Reino, amene ankawerenga nyuzipepala ngati mngelo. Anayang'ana buledi, anayang'ana ine, n'kupinda nyuzipepala ija bwinobwino.

"Kuholo ya kusukulu ayamba kugawa nisu?" ndinafunsa.

Anati ndisakweze mawu. Anati bambo amene ankawachotsera mayi Saari anasamukira kwa mwana wake, ndipo tsiku lina iwo akudutsa anaona mayiwo akulimbana ndi chitseko chimene sinowo anatsekereza. Ndiye akanatani, angodutsa? A Arvo anagwira nawo ntchito kocheka matabwa zaka zonse zija. Anati amatapa pang'onopang'ono, theka la fosholo basi, amapumira, ndipo kapiritsi koika kunsi kwa lilime kamakhala m'thumba. Ndinati a Duane alipo ndi makina awo. Anati a Duane angawagwetsere mpanda mayiwo.

"Bambo a Jolene, tandiyang'anani," ndinatero. "Ine ndili ndi mantha. Ndimadzidzimuka kutulo kumvetsera ngati mukupuma. Mukufuna ndidzakupezeni mutauma ngati nsomba ya mufiriji pakhomo pa eni ake?"

"Nanga inu mukufuna ndizikhala pawindo ngati mphaka?" anayankha. "Munthu amene anzake akumuchotsera sinowo wasiyana pati ndi a Arvo? Kungoti ine sanandikwirire."

Ndinawauza kuti asiyana poti a Arvo sankanamiza akazi awo. Sanalonjeze kanthu. Anadula buledi uja n'kudya theka lonse okha, akuti anamukhetsera thukuta.

Madzulo omwewo ndinapita kwa mayi Saari n'kuwafotokozera za mtima wosokedwa uja. Mayiwo anagwira pakamwa, sankadziwa kuti zinali zazikulu chotero, ndipo mawa lake anatuma mawu kuti kiyi wawo abwerere. Kiyi anabwerera. A Duane anavomera kumadutsanso kumeneko ndi makina. Jolene naye atamva anakwiya, anati basi nyumbayi igulitsidwe, tikakhale pafupi naye m'nyumba zosanja zimene eni ake amachotsa okha sinowo. A Reino anati muno adzatulukamo atanyamulidwa. Ndinawauza kuti chimenecho ndiye ndikuopacho, ndipo kuyambira tsikulo nsapato zawo za m'sinowo zinkagona kumbali yanga ya bedi.

Mu Febuluwale kunagwa chisinowo chimene chinatseka masukulu ndi masitolo omwe. Tsiku loyamba lomwelo makina a a Duane anameza nyuzipepala youndana imene inakwiririka pakhomo pawo, n'kuthyoka kachitsulo ka mkati, ndipo kusitolo yogulitsa zitsulo kunali kotseka. Atamva a Reino nkhani imeneyi, nkhope inawala ngati mwana amene wauzidwa kuti aphunzitsi adwala. Ankangoyendayenda m'nyumba akuimba mluzu, kusuzumira pawindo, kunena kuti fosholo siimeza nyuzipepala. Ine ndinaona kuti pano pali nkhani. Ndinatenga jekete lawo n'kulitsamira pogona.

Ndinadzuka m'mawa kumbali kwawo kuli zii. Nsapato zilipo, jekete lilipo, mwini wake palibe. Anavala majombo okawedzera nsomba ndi chijasi chakale cha kocheka matabwa chimene ndinkayesa ndinataya kalekale. Ndinadzamva pambuyo pake kuti asanabweze kiyi wa mayi Saari anali atadulitsa wina. Munthu wa imvi, wa zidzukulu, kudulitsa kiyi ngati mbava kuti akabe ntchito.

Ndinavala mothamanga n'kulondola mapazi awo. Sinowo anali wofika m'ntchafu, mphepo ikubaya kumaso, ine ndikugwa n'kudzuka, ndikukonza m'mutu mawu oti ndikawalankhule. Pofika kwa mayi Saari ndinali wefuwefu. Ndinawapeza atamaliza kanjira ka galimoto ndi ka oyenda pansi komwe. Chilungamo chake, panali pokongola. Msewu wonse unali utakwiririka, koma pakhomo pamenepo pokha simenti inkaoneka, makoma a sinowo ataima chilili mbali zonse. Eni ntchito anali ataima polowera atatsamira fosholo ya malemu, nthunzi ikufuka m'mutu, akumwetulira ngati mkwati.

Nditangotsegula pakamwa kuti ndiyambe, kunatulukira chikatapila cha khonsolo, nyali yake yachikasu ikuphethira. Chinadutsa monga chimachitira nthawi zonse, chikukankhira m'mbali sinowo yense wa mumsewu, n'kusiya polowera paja mtumbira wofika m'chiuno. Aliyense kuno amaudziwa mtumbira umenewu. Si sinowo wopepuka wogwa kumwamba uja ayi, ndi wolemera, wotsendereka, wosakanikirana ndi mchenga ndi zibuma za madzi oundana. Azibambo ambiri amene tinadyera masangweji pamaliro awo anagwera pa mtumbira umenewu.

Ndinakuwa kuti ausiye, a Duane adzachotsa makina akakonzedwa. Sanandicheukire n'komwe. Anabaya fosholo, ananyamula, anaponya kum'mawa. Anabayanso, anaponya. Atabaya kachitatu, fosholo inangofika m'mawondo, sinowo n'kukhutukira pamajombo. Nkhope inachita phulusa. Anakhala pansi pang'onopang'ono pa mtumbira pomwepo, dzanja likufufuza m'thumba koma magolovesi akukanika. Ndinagwada, ndinapisa ndekha m'thumbamo, ndinawaika kapiritsi kunsi kwa lilime, uku ndikuwatchula mayina onse amene ndinasunga chisanu chonse: nkhutukumve, chitsiru chokalamba, wakuba makiyi. Ndinkatukwana chifukwa ndikanasiya ndikanalira. Mayi Saari anali ataona pawindo, anali kale pafoni.

A Reino anayang'ana mtumbira uja nthawi yaitali, kuchokera uku mpaka uko. Kenako anatukula fosholo ija n'kundilozetsa chogwirira.

"Tengani, mayi a Jolene."

Mawu ake anali omwewo basi. Chinthu chimene ndinalimbana nacho kuyambira Novembala, kubisa, kulanda, kuopseza, anachita kundipatsa okha m'manja. Ndinailandira, ndinasowa pomwe ndingaiike, ndinangoigwira choncho mpaka ambulansi inafika ikutsatira m'mbuyo mwa chikatapila chomwe chija.

Kuchipatala anati tachita mwayi, mtima wangochenjeza. Adokotala aja anandikalipira ine, ngati ndine ndinawatuma. Mphamvu zokangana ndinalibe. Patapita masiku angapo tinabwerera kunyumba, ndipo chinthu choyamba chimene a Reino anachita ndi kutembenuza mpando wawo wa pabalaza kuti ufulatire windo.

Poyamba ndinati zili bwino, ndapuma. Mankhwala ankamwa osakumbutsidwa. Nsapato ndinazibwezera pakhomo, zinangokhala pomwepo mpaka kuchita fumbi. Makina a a Duane anakonzedwa, ankabwera m'mawa uliwonse, kuponya kumadzulo, kukhotetsa m'mbali, mpaka tsiku lina anadula nthambi ya kamtengo kathu ka maapozi. A Reino phee. Ndinawauza dala za nthambiyo, anangoti mitengo imaphuka. Ndevu anasiya kumeta. Ndikawaphikira chitumbuwa cha nyama ndi mbatata, chimene kale ankanyambita nacho mbale, ankadya pakona pokha n'kukankha. Tsiku lonse maso pa wailesi yakanema, koma ukawafunsa chimene akuonera, sakudziwa.

A Duane atabwera kudzawazonda analowa ndi nthabwala zawo, kuwatchula kuti mayi Reino n'kuwafunsa kuti ali bwanji lero. Amuna anga anawayang'ana n'kunena kuti zikomo a Duane, mukutithandiza kwambiri, Mulungu akudalitseni. A Duane ananditsatira kukhitchini chipewa chili m'manja, n'kundifunsa monong'ona ngati pali zina zimene madokotala ananena zomwe tikubisa. Anati chikhalireni moyandikana, Reino sanawathokozepo, ndipo iwo sakuzikonda zimenezi.

Chimene chinandimaliza ndi foni ya Jolene. Anayambanso nkhani ya nyumba zosanja ija, atakonzeka kukangana, koma bambo ake anangoti chitani mmene mukuonera, gulitsani. Ndinali nditapambana, eya, koma m'nyumba munali ngati pamaliro pamene malemu akhala pampando akuonera wailesi yakanema. Ndinkaopa kuti fosholo indilanda mwamuna, ndiye apa mpando unali kundilanda ndikuona. Ndinakwiya. Ndinakwiyira adokotala, a Duane, chikatapila, ndi a Reino amene, chifukwa munthu ameneyu pakati alibe: kaya adziphe ndi ntchito, kaya afe ndi kukhala.

Mu Malichi wailesi inalengeza kuti kugwanso wina, ndi mphepo ya kunyanja. Masana amenewo ndinapita kutchalitchi n'kukafukula fosholo kuseri kwa makatoni aja. Ndinawaimbira a Duane kuti mawa asabwere, ndichotsa ndekha. Anandifunsa ngati nanenso mutu wayamba kusokonekera. Ndinati mtima wanga adokotala anauyeza, ngwabwino, unangotopa ndi azibambo a mumsewu muno.

Kutacha ndinawaikira khofi pambali pa mpando wawo, ndinakoka makatani onse mpaka kumapeto, n'kutuluka. Sinowo anali wofika m'katumba, wopepuka, mphepo ikuwomba ndithu kuchokera kunyanja. Ndinayambira pansi pa windo penipeni, kukwecha simenti mwamphamvu kuti khwee, khwee, phokoso limene anthu a m'nyumba mwathu adzukira zaka zonsezi. Ndinatapa fosholo yodzaza n'kuponya kumadzulo. Mphepo inandibwezera yense kumaso, wina n'kulowa m'khosi mpaka kumsana. Ndinatapanso, kumadzulo. Ndinaunjika pafupi penipeni, m'mphepete mwenimweni mwa kanjira. M'mbali ndinakhotetsa moti ngakhale a Duane akanachita manyazi. Ndikacheuka pawindo, ndinkangoona nkhongo ya imvi itatsamira mpando.

Ntchito imeneyi ndi yowawa, asakunamizeni. Mikono inayamba kunjenjemera, msana unagwira, zala zinachita dzanzi m'magolovesi. Ine si mtsikana. Tsidya la msewu a Duane anatuluka ndi kapu ya khofi n'kuima pakhonde, akundionerera ngati sewero laulere. Ndinapitiriza, ndikung'ung'udza ndekha kuti ndinalakwanji ine, akazi anzanga amuna awo amakonda mpira, ena nsomba, wanga yekha kukonda sinowo. Ndinafika pakati pa kanjira, nkhongo ija osasuntha ngakhale pang'ono.

Apo ndiye zinandikwana. Ndinaponya fosholo pansi, chogona, pakati pa sinowo. Ndinatsegula galaja, ndinaliza galimoto, n'kubwerera chambuyo pa sinowo wosachotsa uja mpaka kumsewu, matayala akuchita kumveka kuti phwatha phwatha. Ndinapita kutsogolo. Ndinabwereranso chambuyo, ndikukhotetsa pang'ono kuti mizere ichuluke. A Duane anaika kapu pansi n'kugwira m'mutu. Ndili pakati pobwerera kenanso ndinamva go, go, go, pagalasi. Pawindo panali nkhope ya ndevu, mphuno itagunda galasi, pakamwa pakuyenda. Ndinachita ngati sindinaone, ndinaponda mafuta.

Chitseko chinatseguka. Anaima pamasitepe atavala jekete pamwamba pa zogonera, nsapato zosamanga zingwe.

"Mayi a Jolene, mwapenga kodi? Mizere imeneyo ichoka mu Epulo!"

Ndinatsitsa galasi la galimoto. "Ndimangofuna ndione kuti wagwa wochuluka bwanji."

Anatsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali, maso ali pa fosholo yawo yogona pansi ija. Ndinatuluka m'galimoto mwachangu, ndinawapitirira, n'kuyamba ndine kuitola. Dzanja lawo linali litatambasuka kale. Linakhala m'malere choncho, tonse awiri tikuliyang'ana, mtima wanga ukugunda kuti akangoti ndipatseni, ndiyankha chiyani. Kenako analibweza pang'onopang'ono n'kulipisa m'thumba la jekete.

Anatsokomola. Anati ndiyambe ndi mizereyo msanga isanaume, ndiziipala cham'mbali. Anati ndizikankha, osati kunyamula, ndipinde mawondo, kodi zaka zonsezi ndinkayang'ana chiyani pawindopo? Anati chimulu ndaunjika m'mphepetecho ndi chamanyazi, anthu odutsa aziti muno mukukhala alendo. Anatembenukira tsidya n'kuwafunsa a Duane kuti akuyang'ana chiyani, apite akawongole zokhotakhota zawo, ndiponso nkhani ya nthambi ya maapozi sinathe. A Duane anatola kapu yawo akuseka, n'kukuwa kuti wadzuka Reino. Amuna anga anandifunsanso ngati m'nyumba muli mazira, akuti khofi yekha si chakudya cha munthu woyang'anira ntchito.

Ine ndinali nditanyowa mpaka mkati, msana ukuwawa, mphuno ikuchucha, ndipo munthu wouma bwinobwino, manja ali m'thumba, ankandiphunzitsa kugwira fosholo pamaso pa aneba. Ndinkafuna kuwagenda nayo. Ndinkafunanso kulira, chifukwa mawu okalipa amenewa ndinali nditawasowa kuposa mmene ndinganenere.

"Ndiye mvetserani," anatero, akuloza ndi chibwano. "Mphepo ikuchokera kunyanja. Ponyani kum'mawa."

Ndinatapa fosholo yodzaza, ndinawayang'ana m'maso, n'kuponya kumadzulo.